Moodle, Google Classroom, WhatsApp, Zoom kapena kabokosi: njira iti ingaphunzitse utolankhani m'chigwa cha Shire?

Mphunzitsi akakhala mu ofesi ku Blantyre kapena ku Zomba, Wi-Fi ili gwa, sizimuvuta kulamula kuti, "Aliyense atumize vidiyo ya mphindi zisanu pofika Lachisanu." Lamulo lomwelo likatsetsereka mapiri mpaka pa Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, limafika litasanduka ngongole. Wophunzira wa ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Makhanga ayenera kusaka ndalama ya bandulo yaikulu, kusaka malo pomwe netiweki imagwira, kenako kupemphera kuti foni isathime ntchito ili pakati.

Sukulu zodziwika zophunzitsa utolankhani ndi kufalitsa mauthenga zili kumtunda: MUBAS ndi MIJ ku Blantyre, UNIMA ku Zomba, Mzuni ku Mzuzu. Koma ena mwa ophunzira ake amakhala kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, kaya ali patchuthi, kaya akuphunzira ntchito, kaya amagwira ntchito masana n'kumawerenga usiku. Chitsekereni sukulu pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, aphunzitsi tinazolowera kuponya gawo la maphunziro pa intaneti, ndipo chizolowezicho sichinathe. Zimene ndalemba pano ndi za inu amene mukusankha njira ya teremu ikubwerayi muli ndi ophunzira a kuchigwa m'kalasi mwanu.

Miyeso inayi

*Mtengo.* Muwerengere thumba la wophunzira, osati lanu. Wophunzira mbiri kapena malamulo amangotsitsa notsi n'kuwerenga. Wa utolankhani amatumiza: mawu amene wajambula, zithunzi, vidiyo, nkhani imene ayenera kuikonza katatu. Mawu a mphindi 10 osungidwa ngati MP3 pa 64 kbps amakwana pafupifupi 5 MB. Vidiyo ya mphindi 10 zomwezo yojambulidwa pafoni imatha kupitirira 500 MB. Kusiyana kumeneku ndiko kumagamula pafupifupi chilichonse m'munsimu.

*Kupezeka.* M'mbali mwa msewu wa M1, pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje boma, Airtel ndi TNM zimagwira. Mukalowa m'midzi kapena kutsidya la kum'mawa kwa Shire, zimayamba kuzemba. Magetsi nawo tikuwadziwa: namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Freddy anabweranso mu Marichi 2023. Choncho funso langa pa njira iliyonse ndi ili: netiweki ikasowa masiku atatu, wophunzira watsala ndi chiyani m'manja?

*Kusamalira.* Ndani amakonza zikasokonekera usiku woti mawa lake ndi tsiku lomaliza kupereka ntchito?

*Zoopsa.* Kutayika kwa ntchito, kuululika kwa anthu amene ophunzira acheza nawo, ndiponso malamulo.

Moodle ya yunivesite

*Mtengo.* Moodle ndi pulogalamu imene sukulu imaikapo notsi, ntchito ndi malikisi pa intaneti, ndipo ndi yaulere kuyambira pomwe Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa mu 2002. Chodula ndi seva (kompyuta yosungira zonsezo), magetsi ake ndi anthu oiyang'anira, koma izi ndi za yunivesite. Wophunzira amalipira data yokha, ndipo apa pali msampha: bandulo yotchipa ya WhatsApp kapena Facebook sitsegula Moodle. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Ngati sukulu yanu inagwirizana ndi kampani ya mafoni kuti tsamba la maphunziro lisamadye data, funsani bwino ngati mgwirizanowo ukadalipo, komanso ngati ukukhudza mavidiyo amene mwangoika linki yake kuchokera ku YouTube. Nthawi zambiri linki yotere imatulutsa wophunzira kunja kwa mgwirizano iye osadziwa.

*Kupezeka.* Apa ndi pamene Moodle imaposa zinzake, koma pokhapokha ophunzira akamagwiritsa ntchito app ya pafoni, osati kutsegula tsamba nthawi ndi nthawi. App imalola kutsitsiratu zonse za phunziro. Munthu atha kupalasa njinga kupita pa Nchalo Loweruka, n'kutsitsa za masabata awiri, n'kukawerengera kwawo popanda netiweki. Ntchito zina atha kulemberatu, foni n'kudzazitumiza yokha ikapeza netiweki. Paja akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Notsi zimene zili kale m'foni ndiye za pamphunozo.

*Kusamalira.* Seva ndi ya anzathu a ICT, koma kukonza phunziro ndi kwanu, ndipo kumadya nthawi teremu isanayambe. Onaninso malire a kukula kwa fayilo amene oyang'anira anaika. Akakhala ochepa, pulogalamu ya pawailesi ya wophunzira idzakanidwa pakhomo atawononga kale data.

*Zoopsa.* Seva imatha kugwa tsiku lomwe kalasi yonse ikutumiza. Woiwala pasiwedi amatumiziridwa yatsopano pa imelo imene mwina nayonso anaiwala. Koma malikisi, masiku operekera ntchito ndi ndemanga zanu zimakhala pamalo amodzi a sukulu. Wophunzira akadzadandaula kuti anapereka ntchito koma simunachonge, umboni ulipo. Palibe njira ina pano imene imakutetezani chonchi.

Google Classroom

*Mtengo.* Iyi ndi kalasi ya pa intaneti ya kampani ya Google. Inayamba mu 2014 ndipo salipiritsa. Akaunti wamba ya Google ili ndi malo a 15 GB ogawana pakati pa Gmail, Drive ndi zithunzi. Kwa kalasi yolemba nkhani ndi okwanira zaka. Kwa kalasi ya wailesi ya kanema amadzaza teremu isanathe, ndipo kugula malo owonjezera kumafuna khadi la kubanki lolipirira kunja, chinthu chimene chikuvuta ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Monga Moodle, imafuna bandulo ya intaneti yonse.

*Kupezeka.* Pafupifupi foni iliyonse ya Android imakhala kale ndi akaunti ya Google. Vuto ndi lakuti ambiri akauntiyo anawatsegulira ndi wogulitsa foni kapena mnyamata wa pamsika woika nyimbo, ndipo pasiwedi yake sanaimvepo. Sabata yoyamba muzionetsetsa kuti aliyense ali ndi akaunti imene angalowemo pa foni ya wina.

Chimene ndimaikondera ndi Google Docs, pulogalamu yolemberamo pa intaneti. Wophunzira alemba nkhani yake, inu muika ndemanga pa chiganizo chenicheni: ndime yoyamba yabisa nkhani, dzina la mfumu silinalembedwe mokwanira, chiwerengero cha mabanja okhudzidwa wachitenga kwa ndani. Iye akonza, inu muona zimene wasintha. Ndi mmene mkonzi amagwirira ntchito ndi mtolankhani m'chipinda cholembera nkhani, ndipo mawu olembedwa sadya data yambiri. Kulemba nkhani ya mawu 600 pa kafoni ndi chala chimodzi n'kotopetsa, inde, koma atolankhani ambiri a m'maboma ndi mmene amatumizira nkhani zawo.

*Kusamalira.* Palibe seva yoti muidandaule. Zonse zili pa inu nokha.

*Zoopsa.* Google imafuna kuti sukulu zizigwiritsa ntchito akaunti za sukulu, osati za munthu payekha. Mukatsegula kalasi pa akaunti yanuyanu, tsiku limene mudzasiye ntchito malikisi adzapita nanu, ndipo dipatimenti idzatsala manja m'khosi.

WhatsApp

Apa ndichedwapo, chifukwa kaya mufune kaya musafune, gulu la kalasi lilipo kale. Funso ndi lakuti mulisenzetsa katundu wochuluka bwanji.

*Mtengo.* Palibe yoiposa kutchipa. Mabandulo ake ndi amene wophunzira amagula ngakhale kulibe sukulu, choncho phunziro lanu likukwera galimoto imene inali kale pa ulendo.

*Kupezeka.* Uthenga umadikira. Wophunzira ajambula mawu ali kumunda, foni n'kuwatumiza yokha akafika pamene pali netiweki. Ngakhale netiweki yofooka imanyamula mawu ndi zolemba. Gulu limalola anthu 1,024 ndipo fayilo itha kukula mpaka 2 GB. Pophunzitsa za wailesi, uthenga wa mawu ndi chida chenicheni: muuzeni wophunzira awerenge nkhani ya masekondi 40, mumve pamene akupumira, pamene akumeza mawu, pamene akuthamanga. Mutha kumuuzanso aiwerenge m'Chichewa kenako m'Chisena, popeza omvera a wailesi za m'dera ngati Gaka FM ndi Nyathepa ku Nsanje ndi anthu a zilankhulo zonsezi. Kungoti pa zithunzi muwakumbutse kutumiza ngati document, apo ayi WhatsApp imazifinya ndipo simungaweruze bwino ngati chithunzi chinajambulidwa mwaluso.

*Kusamalira.* Walira mvula walira matope. Notsi zimene munaika Lolemba, pofika Lachitatu zakwiririka pansi pa mauthenga a maliro, mavesi a m'mawa ndi mkangano wa Bullets ndi Wanderers. Chothandiza ndi magulu awiri: lina loti mumalemba inu ndi mtsogoleri wa kalasi basi, lina la macheza ndi mafunso. Ntchito yochongedwa isaperekedwe pagulu. Ndipo nenani pachiyambi maola amene mumayankha, apo ayi "Aphunzitsi, mwadzuka?" adzakupezani 4 koloko m'mawa.

*Zoopsa.* Zilipo zitatu, ndipo choyamba ndinachiphunzira mochedwa. Teremu ina ndinalola ophunzira kupereka zonse pa WhatsApp. Foni yanga itadzaza ndinafufuta mafayilo akale, poganiza kuti eni ake ali nawo. Mvula itavuta, mtsikana wina wa kutsidya anandiimbira pa foni ya mlongo wake: "Aphunzitsi, foni ija inapita ndi madzi. Zija ndinakutumizirani mukadali nazo?" Ndinalibe. Macheza asanu ndi limodzi amene anajambula ndi asodzi anathera pomwepo, ndipo wolakwa ndinali ine. WhatsApp imasunga zinthu m'foni. Popanda kusungira kwina, foni ikapita zonse zapita.

Chachiwiri, manambala a aliyense amaonekera pagulu, ndipo atsikana ndi amene amavutitsidwa ndi mauthenga a usiku. Muikepo lamulo, ndipo wolakwa woyamba mumuchitepo kanthu anzake akuona.

Chachitatu ndi chimene chimakhudza maphunziro athu okha. Nkhani yoyeserera imaoneka ngati nkhani yeniyeni. Wophunzira akalemba kuti mfumu yakutiyakuti yabisa ufa wa chithandizo, asanamve mbali ya mfumuyo, mnzake mmodzi akangoitumiza ku gulu lina, pofika madzulo yazungulira boma lonse ili ndi dzina lake pamwamba. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 silifunsa ngati inali ntchito ya m'kalasi. Chimodzimodzinso zithunzi ndi mawu a anthu okhala m'misasa ya othawa madzi: anavomera kucheza ndi wophunzira mmodzi, sanavomere kuonedwa ndi dziko lonse, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo la Data Protection Act loteteza zinthu zotere.

Ena amati bwanji Telegram, app ina yofanana ndi WhatsApp, popeza imasunga mafayilo pa intaneti ndipo wolowa mochedwa amapeza zakale. N'zoona, koma bandulo ya WhatsApp siitsegula, ndipo ophunzira amaiyang'ana kamodzi pa sabata. Ubwino wake umathera pomwepo.

Zoom ndi Google Meet

*Mtengo.* Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40 ndipo imalola anthu 100. Meet yaulere imapereka ola limodzi kwa gulu. Kwa wophunzira iyi ndiyo njira yodula kuposa zonse: ola limodzi makamera ali oyatsa limadya ma MB mazanamazana. Mukazimitsa makamera onse n'kutsala mawu okha, limatsika kufika pa makumi ochepa.

*Kupezeka.* Imafuna zinthu zitatu nthawi imodzi: netiweki yolimba, batire lodzaza ndi malo achete. Kuno zitatuzi sizikumana kawirikawiri. Onjezani kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene Ngabu ndi Nsanje zimapitirira madigiri 40. Foni yoonetsa vidiyo ili pa tchaja masana otere imatentha mpaka kuchenjeza kapena kudzizimitsa.

*Kusamalira.* Kochepa. Pa Zoom jambulani kalasi, chotsani mawu okha, muwachepetse ndi Audacity, pulogalamu yaulere yokonzera mawu, n'kuwatumiza kwa amene analephera kulowa.

*Zoopsa.* Chachikulu ndi kusalungama kosaonekera. Mukamapereka malikisi a kupezeka m'kalasi ya pa Zoom, ndiye kuti mukuchonga netiweki ya kwawo kwa munthu, osati khama lake. Komabe sindingaitaye. Pali zinthu zimene zimafuna anthu amve nthawi yomweyo: msonkhano wa atolankhani woyeserera pamene wophunzira ayenera kuponya funso lotsatira mosakonzekera, kapena mkonzi wa ku Blantyre amene wavomera kucheza ndi kalasi theka la ola. Kawiri kapena katatu pa teremu, tsiku lolengezedwa sabata ziwiri zisanafike, madzulo kutazizira, n'zokwanira.

Kabokosi kosafuna intaneti

Ambiri sanakaonepo. Ndi kakompyuta kakang'ono ngati sopo, Raspberry Pi, koikidwamo pulogalamu yophunzitsira ya MoodleBox kapena Kolibri. Kamatulutsa Wi-Fi yakeyake. Amene ali pafupi amalumikiza mafoni awo n'kutsitsa notsi, mavidiyo ndi zitsanzo za mapulogalamu, osadya data ngakhale pang'ono. Pa MoodleBox athanso kusiyamo ntchito zawo.

*Mtengo.* Mumagula kamodzi, koma kamachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chotere chinakwera. Pamafunikanso batire kapena sola. Kwa wophunzira data ndi ziro, koma mtengo umasamukira ku thiransipoti: ayenera kufika pamene pali kabokosiko. Kakakhala pa Nsanje boma, wa pomwepo ayenda wapansi. Wa ku Muona nthawi ya dzinja nkhani yake ndi ya bwato.

*Kupezeka.* Iyi yokha ndi imene imanyamula vidiyo popanda kulira. Kalasi ya kujambula ndi kulumikiza zithunzi za kanema, imene pa njira zina zonse ndi yosatheka, pano imatheka. Kamakwanitsa anthu ochepa nthawi imodzi, gulu la pamalo amodzi, osati holo yodzaza.

*Kusamalira.* Pamafunika munthu wodalirika pamalopo, ndi wina wonyamula zatsopano pa fulashi kuchokera kusukulu n'kubwerera ndi ntchito za ophunzira. Magetsi akazima mwadzidzidzi kamemore kake kamatha kuwonongeka, choncho sungani kena kokopera kale m'kabati. Kaikeni pamwamba, podutsa mphepo, kutali ndi malata otentha ndiponso poti madzi sangafike.

*Zoopsa.* Kuba, ndi kusiyidwa. Woyang'anira akasamutsidwa, kabokosi kamasanduka chokongoletsa pa shelefu. Ena amafunsa za Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Pa malo amene ophunzira khumi kapena kuposa amakumana, ndipo pali bungwe lolipira mwezi ndi mwezi komanso magetsi odalirika, imathetsa vuto la kunyamula fulashi. Kwa wophunzira payekha musaitchule n'komwe.

Tsono musankhe iti?

Ngati yunivesite yanu ili kale ndi Moodle yoyenda bwino, ikani pamenepo notsi, masiku ndi malikisi, ndipo tsiku loyamba muonetsetse kuti aliyense waika app n'kutsitsa phunziro asanatsike kuchigwa. WhatsApp ikhale belu lokha: "Zatsopano zalowa, katsitseni." Mu Januwale mpaka Marichi perekani masiku angapo operekera ntchito m'malo mwa ola limodzi lomaliza.

Ngati mumaphunzitsa kulemba nkhani, kukonza nkhani kapena kulemba zofalitsa za mabungwe, ndipo sukulu ilibe Moodle yodalirika, tengani Google Classroom chifukwa cha Docs. Pemphani akaunti ya sukulu, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse tsitsani malikisi n'kupereka kope ku dipatimenti.

Ngati phunziro ndi la wailesi ndipo ophunzira abalalika m'midzi, WhatsApp ndiyo kalasi yanu, musachite nayo manyazi. Koma Lachisanu lililonse samutsani mafayilo onse kupita pa laputopu ndi pa fulashi, ndipo nkhani iliyonse yoyeserera iyambe ndi mawu akuti ndi ntchito ya m'kalasi, yosayenera kufalitsidwa. Nkhani zokhudza milandu, ana kapena anthu a m'misasa zibwere kwa inu nokha.

Ngati muli ndi ophunzira a wailesi ya kanema asanu kapena khumi oyandikana, monga ozungulira Nchalo kapena Bangula, kabokosi kakuyenerani, malinga mwapeza munthu wokasunga. Mukapanda kumupeza, fulashi yotumizidwa pa minibasi ya ku Blantyre imagwira theka la ntchito yomweyo.

Zoom ndi Meet zisungireni mlendo ndi msonkhano woyeserera, makamera ozimitsa, kupezeka kosachongedwa.

Ndipo ngati m'kalasi ya anthu 60 muli awiri okha a kuchigwa, musasinthe dongosolo lonse chifukwa cha iwo. Aitaneni sabata yoyamba, afunseni komwe amatchajira foni ndi komwe netiweki imawagwirira, kenako muwalole kupereka mawu pamene anzawo akupereka vidiyo, kapena kubweretsa vidiyoyo pa fulashi tsiku limene akwera kubwera kusukulu.